Sizasi ya Bambo

Schiedam, 3 Julayi 2016

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi nkhunda zanu zomwe. Ine kuno ndili bwino, kungoti bondo lija limandikumbutsa kuti lilipo ndikamakwera makwerero a sitima. Ndasankha kulemba chifukwa pafoni timangokuwirana osamvana. Injini za maboti a nsomba zinakutherani makutu, ndipo kachipangizo kothandiza kumva kamene achemwali a Lorraine anakugulirani mumangokasunga m'kabati ngati mendulo.

Envulopu yanu yafika Lachinayi. Nditaona dzanja lanu pa adiresi mtima unagunda, chifukwa chimwalirire Amayi, amene ankalemba makalata onse a pakhomopo, sindinalandireko kanthu kochokera kwathu. Ndikatsegula, mulibe kalata. Muli kachidutswa ka nyuzipepala yanu yamadzulo ija, kodulidwa mokhota, mutu wake wotsala theka: "TATULUKA, ULAYA ATSALE NDI". Atsale ndi chiyani sindikudziwa, sizasi inadya.

Ndamva, Bambo. Mwapambana. Riferendamu yatha, dziko lasankha kutuluka mu mgwirizano wa mayiko a ku Ulaya, ndipo ndamva kuti kwathu ku Grimsby anthu asanu ndi awiri mwa khumi aliwonse anavomereza. Ine voti sanandipatse. Akuti amene wakhala kunja zaka zopitirira khumi ndi zisanu alibe mawu, ndiye ine ndapyola ndi chaka chimodzi chokha. Komatu mgwirizano womwewo ndi umene unandilola kudzawotcherera sitima kuno ku Holland pamene kwathu ntchito zinatha. Mnzanga Tadek wa ku Poland, amene timawotcherera limodzi, anandigwira chanza m'mawa wa tsiku la zotsatira n'kunena kuti, "Takulandirani a Glenn, lero ndiye mwasanduka obwera enieni. Musadandaule, ndikuphunzitsani kaimidwe ka pamzere." Anthu onse anaseka, inenso ndinaseka, koma chakudya cha masana chinandikanika.

Paundi yagwa, ndiye mayuro amene ndatumiza kwa achemwali atupa pang'ono. Muitane munthu adzakonze denga la khola la nkhunda dzinja lisanafike. Musakwerepo nokha, ndikukudziwani. Otsalawo mugulire Amayi maluwa, achikasu aja.

Dzulo mphepo inachokera kunyanja, ndipo ndinamva ngati fungo la nsomba zowamba za kudoko kwathu. Ndinaima panja mpaka tiyi anazizira. Ndakusowani, ngakhale mwandiseka ndi kachidutswa kanu.

Ndine mwana wanu,
Glenn

Schiedam, 13 Novembala 2016

Okondedwa Bambo,

Moni wochokera kutsidya kuno. Achemwali akuti chifuwa chinakugwirani koma mwachira, ndipo denga munakwerapo nokha. Sindinenapo kanthu.

Tizidutswa tanu tikufika, tsopano takwana tisanu. Ka sabata yatha n'kotukwana oweruza amene agamula kuti nyumba ya malamulo iyambe yakambirana dziko lisanatuluke. Nyuzipepalayo ikuti akufuna kuba voti ya anthu wamba. Ka mwezi watha kanali konena kuti obwera atha mabedi m'zipatala. Bambo, amene anawasambitsa Amayi masabata awo omaliza anali namwino wa ku Portugal, ndipo inu nomwe munamupatsa nsomba zokulunga m'nyuzipepala yomweyo. Kodi pepala limeneli linalembapo tsiku limodzi chabwino chilichonse chochokera tsidya lino? Mvula ikagwa pa tsiku la mpikisano wa nkhunda, lidzati aitumiza akuluakulu a mgwirizano wa Ulaya a ku Brussels.

Ndipo ngati mukufuna kundiphunzitsa ndale, muzidulako bwino. Nkhani iliyonse imayambira pakati n'kuthera pakati. Inu amene munkasenda nsomba osasiya mnofu paminga, lero mukulephera kutsata mzere wa nkhani? Ndatimata tonse pachitseko cha kabati ya m'khitchini. Tadek akabwera Loweruka amatiwerenga mokweza ndi mawu a wansembe, n'kumamalizitsa yekha pamene sizasi inadula.

Ndikudziwa chimene chimakupwetekani. Munaona maboti mazanamazana akutha padoko, amuna athanzi akungozungulira m'misewu manja m'thumba. Inenso ndinaona, ndinali mwana koma ndinaona. Kungoti amene anatitsekera nyanja zakumpoto anali a ku Iceland, ndipo inu munali komweko, mukudziwa bwino kuposa mtolankhani aliyense. Koma tisakangane pa pepala.

Pa Khirisimasi sindibwera. Pali sitima yofunika kutuluka mu Januwale, ndipo masiku ano si nthawi yoti munthu wa pasipoti ngati yangayi azipempha tchuti. Abwana sananene kanthu, kungoti ayamba kufunsa aliyense wa ife kuti mapepala ake ndi otani. Mayi Verhoef, eni nyumba ino, akuti ndidzadye kwawo. Ndi mayi wabwino, wamasiye, koma nyama yawo amaiphika mpaka kuiwala kuti inali ya chiyani.

Muziyatsa hita, musamakhale m'chikhoti m'nyumba. Ndalama ya magetsi ndatumiza.

Mwana wanu,
Glenn

Schiedam, 7 Januwale 2018

Okondedwa Bambo,

Ndafika bwino, nyanja inali yabata. Ndikhulupirira nanunso muli bwino, ngakhale kuti tsiku lonyamuka simunatuluke m'khola kudzatsanzikana nane.

Ndakhala masiku anayi ndikuyamba kalatayi n'kumaing'amba. Ndinadikira zaka ziwiri kuti ndidzadye Khirisimasi kwathu, ndipo ndinaiwononga ndi pakamwa panga. Munandifunsa bwinobwino, tili m'khola muja, kuti, "Zimene ndimatumiza zija umalandira?" Ine ndinayankha kuti ndimalandira. Munafunsanso kuti, "Palibe ngakhale kamodzi kokugwira mtima?" Ndipo ine ndinati palibe, zonse ndi zonyansa, ndimangotaya m'bini. Munangoti, "Chabwino," n'kupitiriza kuthira chimanga m'mbale za nkhunda, mbale zina kawiri.

Ndinanama, Bambo. Sindinatayepo ngakhale kamodzi, tonse tili pakabati paja. Nkhanizo zimandinyansa, zimenezo sindibweza. Koma envulopu ikagwa pakhomo ndimathamangira, chifukwa pali dzanja lanu. Ndinapsa mtima chifukwa madzulo a dzulo lake komwera mowa kuja anzanu ankandifunsa ngati ndikudziwabe Chingerezi, wina n'kumati anthu ngati ine ndi amene tikuchedwetsa dziko kutuluka, ndipo inu munangoyang'ana m'tambula yanu. Zaka makumi asanu ndili nazo, koma ndinkafuna bambo anga anene kuti musiyeni mwanayu.

Ndinaona kuti dzanja lanu lamanja limanjenjemera mukanyamula ketulo. Achemwali akuti mumakana kupita kwa dokotala. Pitani, si kugonja kumeneko.

Kuno zinthu zili choncho. Kampani yatisamutsira kwa kontilakita, ndiye timasaina miyezi isanu ndi umodzi, isanu ndi umodzi. Akuti akudikira aone kuti ife a ku Britain tithera pati. Buledi wakwera, lendi yakweranso. Maso anga akumachita chifunga madzulo, koma ndi moto wa kuwotcherera basi, aliyense amatero.

Ndinaiwala sikafu yanga pampando wa Amayi. Isiyeni pomwepo, musatumize.

Mwana wanu,
Glenn

Schiedam, 31 Malichi 2019

Okondedwa Bambo,

Moni. Ndikhulupirira dzinja lakusiyani bwino. Ine ndilipo.

Zikomo kuti munayambiranso kutumiza. Miyezi inayi ija ya zii inandiwawa kuposa chipongwe cha nyuzipepala. Ka mwezi uno kakuti amene akufuna voti yachiwiri ndi akuba ovala masuti, anthu a ku London amene sanagwirepo fosholo. Ndiye ndibwino mumve kwa ine, musanamve kwa achemwali.

Loweruka lapitalo ndinali ku London, pa zionetsero zofuna kuti anthu avotenso. Ndinasainanso chikalata chopempha boma kuti lingoisiya nkhani yotulukayi, chimene asaina anthu mamiliyoni. Suti ndinalibe, ndinavala jekete langa la kuntchito lomwe lija lopsa m'manja. Pafupi nane pankayenda mayi wina wa ku Sunderland amene mwana wake ndi dalaivala ku Germany, ndi mkulu wina woyendera ndodo. Mawa lake ndinagula nyuzipepala ziwiri pa siteshoni. Ina inati tinali khamu loti silinaonekepo, ina inati tinali kagulu ka olira. Ndinali pomwepo, koma nditawerenga zonse ziwiri ndinayamba kukayika ngati ndinapitadi. Musaganize kuti ya mbali yathu ndi yoyera. Inajambula anthu a m'matauni ngati kwathu ngati mbuli zosadziwa chimene zinavotera, ndipo ndinaitaya m'bini, ulendo uno zoona.

Ndikudziwa chimene munene: anthu anavota, nkhani inatha, wogonja agonje. Mwina mukunena zoona. Koma ine sanandifunse, Bambo, ndipo ndine amene ndalandira kalata ya boma la kuno yondiuza kuti ndingakhalebe "mongoyembekezera". Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi ndikudula msonkho, lero ndine woyembekezera.

Chimene chikundivuta kulemba ndi ichi. Ndinaima pa siteshoni ya King's Cross ndikuyang'ana bolodi la masitima apamtunda opita kumpoto. Maola atatu okha ndikanakhala ndili pakhomo panu. Ndinali ndi tikiti ya basi yobwerera kuno, ndi ntchito Lolemba, koma chifukwa chenicheni si chimenecho. Ndinaopa kulowa m'nyumba mwanu ndi baji ya buluu ya mgwirizano wa Ulaya pachifuwa, ndipo ndinaopanso kuivula. Ndinakwera basi.

Nkhunda yaimvi ija munati inasochera ku France chaka chatha, kodi inabwera?

Mwana wanu,
Glenn

Schiedam, 22 Seputembala 2019

Okondedwa Bambo,

Ndikufuna kuyamba ndi kufunsa za moyo wanu monga mwa nthawi zonse, koma sindikudziwa ngati wina andiyankhe zoona. Achemwali pafoni amangoti, "Ali bwino, akupuma," kenako n'kuyamba kukamba za nyengo. A Lorraine sanakambepo za nyengo chibadwire.

Chichokereni kalata yanga ya London, miyezi isanu ndi umodzi yadutsa popanda envulopu. Ndinati mwandikwiyira, ndipo ndinati muli ndi ufulu. Kenako Glenn wa a Haxby, mnzanga wa dzina uja, anandilembera pafoni kuti nkhunda zanu anazigula ndi bambo ake mu Meyi, zonse, ndi mabasiketi omwe. Inu kugulitsa nkhunda? Nditafunsa achemwali anati munatopa nazo. Anati munagwa pang'ono m'khitchini ndipo munagona kuchipatala masiku angapo, koma munawaletsa kundiuza kuti ndingataye ntchito pothamangira zinthu zazing'ono. Masiku angapo ndi angati?

Ndiye Lachisanu envulopu yafika. Adiresi yalembedwa ndi dzanja la achemwali, osati lanu. Kachidutswa kake ndiye kodulidwa moipa kuposa tonse, m'mbali mwake ngati mwalumidwa ndi khoswe. Kakunena za aphungu amene akutchinga kutuluka, kuti ndi oukira dziko. Ndinakhala pansi ndikukayang'ana nthawi yaitali. Munthu wadwala, wagulitsa nkhunda zake, adiresi sangathe kulemba, koma mphamvu yoti anditumizire chipongwe ikadalipo. Ndinaseka, kenako ndinapeza kuti sindikuseka.

Ndikanabwera mawa lomwe. Koma kontilakiti yanga ithera mu Okutobala, tsiku lomwe akuti dziko lituluka ndi mu Okutobala momwemo, ndipo atiuza kuti amene sadzakhalapo pa tsiku losaina asadzadandaule. Tadek anabwerera kwawo mu Julayi, akuti kumeneko ntchito zayamba kupezeka. Loweruka kuno kumakhala zii. Za maso ndinapita kukapimitsa, ndidzakuuzani tikadzaonana.

Ndatumiza ndalama yoti aike chogwirira m'bafa ndi pamasitepe. Musakane. Ndimalota ndili m'khola muja, inu mukuyang'ana kumwamba ndi wotchi m'manja, ine ndikugwedeza chitini cha chimanga. Ndikufuna kwathu, Bambo, koma sindikudziwa kuti ndikadzafika ndidzadya chiyani, kapena ngati mukundifunako.

Mwana wanu,
Glenn

Schiedam, 5 Febuluwale 2020

Okondedwa Bambo,

Achemwali akuwerengerani kalatayi, ndawapempha kuti akhale kumbali ya khutu lanu lamanzere ndipo asadumphe mawu. Akuti mwayamba kuyenda mpaka pageti. Ine ndili bwino, ndipo tsopano ndimavala magalasi, a chimango chakuda ngati a mphunzitsi wamkulu.

Dziko latuluka Lachisanu lapitali. Voti yachiwiri sinachitike, chikalata chathu chinathera m'madirowa. Mwapambananso kachiwiri. Koma si zimene ndikulembera.

Lolemba Mayi Verhoef anabweretsa munthu wopenta khitchini. Ine ndili kuntchito, anamatula tizidutswa tanu tonse pakabati paja n'kutiyala patebulo, chadodolido, kuti zomatira ziume. Nditabwera ndinawapeza atakhala pampando, nkhope ili gwa. Anati, "A Glenn, zaka zonsezi mwakhala m'nyumba mwanga, bwanji osandiuza kuti mukufuna kusamuka?" Ndinati sindikusamuka. Anati, "Nanga ntchito zonsezi mukuzisungiranji?"

Ndinavala magalasi n'kuyang'ana.

Kuseri kwa kachidutswa kalikonse kuli chilengezo cha ntchito. Akufuna owotcherera padoko la Grimsby, okonza maboti opita ku makina amphepo opanga magetsi panyanja. Akufuna owotcherera ku Immingham. Akufuna ku Hull. Tizidutswa makumi atatu ndi kamodzi, ndipo mbali imeneyo sizasi yanu sinaphonye, inatsata mzere wa bokosi mwaukhondo, nambala ya foni yonse ilipo. Kokha komaliza kaja ndi kamene kali kolumidwa, koma nakonso nambala yake ndi yathunthu.

Zaka zitatu ndi theka, Bambo. Ndinkatembenuza nthawi zina, ndinkaona tizilembo ting'onoting'ono n'kumati ndi malonda a magalimoto akale. Maso anga ankathamangira zilembo zikuluzikulu, zokuwa, chifukwa ndinkayembekeza kuti mukundinyoza. Ndipo nyuzipepala yanuyo sinandikhumudwitse: paliponse pamene mungadule, kuseri kwake mupeza ikutukwana Ulaya. Inu simunkaona n'komwe zimene zinali mbali inayo. Ine ndinakulemberani makalata okutsutsani pa nkhani zimene simunanditumizire.

Munandifunsa m'khola muja ngati panalibe ngakhale kamodzi kondigwira mtima. Ndinakuuzani kuti zonse ndi zonyansa, ndimataya m'bini. Ndipo mu Epulo munatenganso sizasi.

Ndinaimbira achemwali madzulo omwewo. Anati iwo ankaganiza kuti ndikudziwa, kungoti ndine wamakani ngati mwini wake. Anandiuza za sitiroko, kuti inali milungu isanu osati masiku angapo, ndiponso kuti kachidutswa komaliza munakadula ndi dzanja lamanzere, theka la ola, mukukana kuti akuthandizeni. Kenako anandiuza zimene munanena potuluka m'holo ya tchalitchi momwe munavotera tsiku la riferendamu lija. Akuti munati, "Pepala likuti tikatuluka ntchito zibwerera padoko. Zikabwerera, mnyamata uja abwera kwawo."

Ndiye ine ndinayenda mu London tsiku lathunthu ndi bondo langali, kukuwa kuti voti imeneyo aifafanize.

Musaganize kuti ndatembenuka. Ndikuonabe kuti pepala lija linakunamizani, ndipo ntchito za makina amphepozo sizinabwere chifukwa cha voti yanu. Tidzakangana bwino ndikafika, muvaliretu kachipangizo ka m'khutu kaja kuti mudzandimve. Koma mukanangolemba mawu awiri, Bambo. Pensulo ya mpikisano wa nkhunda inali m'thumba mwanu masiku onse. Inenso ndikanangofunsa. Amayi akanakhalapo akanatiwombanitsa mitu kalekale.

Dzulo ndaimba manambala onse, kuyambira ka 2016. Ambiri anaseka, ena kampani inatsekedwa, ena foni siilowa. Ya kachidutswa komaliza anayankha mayi wina, anati malo aja anadzaza kale mu Okutobala, koma pali wina akupuma ntchito pa Isitala. Akuti ndipite Lachiwiri m'mawa akandiyese kuwotcherera. Ndawauza zaka zanga, za maso sindinawauze. Malipiro ake ndi ochepa kuposa a kuno, ndipo mwina sandilemba. Abwana a kuno ndawauza kale, ndipo Mayi Verhoef alira pang'ono n'kundiphikira nyama ija.

Ndikwera sitima ya Lamlungu madzulo, ifika ku Hull Lolemba m'mawa. Achemwali asavutike kudzanditenga, basi yowoloka mlatho ndikuidziwa. Muwauze a Haxby kuti ndikufuna nkhunda ziwiri mwa zanu zija, atchule mtengo. Akazitsegulira zibwera zokha.

Nyuzipepala ya Lolemba musaidule. Ndidzaiwerengera patebulo panu, mbali zonse ziwiri.

Ndine mwana wanu,
Glenn